Jaws ndi Jaws 2: Shaki Yobisika ndi Shaki Yoonekera

Patchuthi chapitachi, ndili kwathu ku Kande, ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Loweruka lina madzulo titatseka Sabata, ndinasonkhanitsa abale anga pakhonde n'kuwaonetsa filimu yakale yotchedwa Jaws pa laputopu imene ndinabwereka kwa mnzanga wa kukoleji. Usiku wotsatira tinaonera yachiwiri yake, Jaws 2. Pagulupo panali mphwanga wa zaka 9, mwana woti anadziwa kusambira asanayambe sitandade 1. Lolemba m'mawa amayi atamuuza kuti akasambe kunyanja, anakana kwamtuwagalu. Anati m'madzimo muli shaki. Kwa mlungu wathunthu mwana wobadwira pagombe ankasamba madzi a m'ndowa kuseri kwa nyumba.

Ife okulirapo tinatsala ndi mkangano. Asuweni anga awiri, amene amakonda mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ku vidiyo shoo ya pamsika, anati yachiwiri ndiyo yabwino chifukwa shaki sichedwa kutulukira ndipo imamiza ngakhale helikopita. Yoyamba anati njochedwa, anthu amangolankhula. Koma amalume, amene akhala akupha usipa usiku kwa zaka zambiri, anati yachiwiriyo anaionera akuseka, pamene yoyamba inawatsatira mpaka m'bwato. Ine ndili kumbali ya amalume. Ndifotokoza chifukwa chake, popanda kubisa zimene filimu yachiwiri inachita bwino.

Nkhani imodzi yokambidwa kawiri

Jaws inatuluka ku America pa 20 June 1975. Anaitsogolera ndi Steven Spielberg, amene pa nthawi yojambula anali ndi zaka 27 zokha, ndipo nkhani yake inachokera m'buku la Peter Benchley la mu 1974. Zonse zikuchitika pachilumba chongopeka cha Amity, chimene anthu ake amadalira alendo odzasambira m'nyengo yotentha. Mtsikana wina akusambira usiku n'kugwidwa ndi shaki. Mkulu wa apolisi, Martin Brody, akufuna kutseka gombe, koma meya Larry Vaughn akukana chifukwa tchuthi cha pa 4 July, pamene malonda amatentha kwambiri, chayandikira. Brody akugonjera meya. Pasanapite masiku ambiri shaki ikupha kamnyamata masanasana, khamu la anthu likuona. Pamapeto pake amuna atatu akunyamuka pa boti lotchedwa Orca kukaisaka: Brody, katswiri wa za m'nyanja Matt Hooper, ndi msodzi wouma mtima dzina lake Quint.

Jaws 2 inatuluka pa 16 June 1978. Spielberg anakana kubwerera. Amene anayamba ntchitoyo, John D. Hancock, anachotsedwa atajambula pafupifupi mwezi umodzi, ndipo m'malo mwake analowa Jeannot Szwarc wa ku France. Roy Scheider, yemwe ankasewera ngati Brody, anabwerera monyinyirika chifukwa cha mgwirizano umene anali nawo ndi kampani ya Universal. Quint anafera m'filimu yoyamba, ndipo Hooper akungotchulidwa kuti ali pa kafukufuku kutali. Nkhani yake ndi iyi: papita zaka zingapo, shaki ina yafika ku Amity, Brody akuchenjezanso, akuluakulu a tauni akukananso, ndipo gulu la achinyamata, kuphatikizapo ana awiri a Brody, likupezeka pakati pa nyanja pa timaboti tamatanga, shaki ikuwazungulira.

Pa ndalama, yoyamba inadya madola pafupifupi 9 miliyoni n'kubweretsa oposa 470 miliyoni, ndipo panalibe filimu imene inaiposa mpaka pamene Star Wars inatuluka mu 1977. Yachiwiri inadya pafupifupi 30 miliyoni n'kubweretsa pafupifupi 208 miliyoni. Sinaluze ayi, koma anawononga zochuluka katatu n'kukolola zosakwana theka. Kusiyanaku kunayambira pa vuto la makina.

Makina atakana kugwira ntchito

Pojambula Jaws anapanga shaki zitatu za makina, iliyonse yotalika pafupifupi mamita 8, n'kuzipatsa dzina loti Bruce, dzina la loya wa Spielberg. Iye anaumirira kujambula panyanja yeniyeni, pafupi ndi chilumba cha Martha's Vineyard, osati m'damu la kampani monga ankachitira ena. Madzi amchere anayamba kudya makinawo, ndipo masiku ambiri ankangofa. Ntchito imene anaikonzera masiku 55 inatenga masiku 159.

Posowa shaki yoti aonetse, Spielberg anakakamizika kuonetsa zochita zake zokha. Kamera imalowa pansi pa madzi n'kumayang'ana miyendo ya osambira, ndiye woonera amakhala ngati iyeyo ndiye maso a chilombocho. Pena amuna awiri akuponya nyama pa mbedza yomangirira ku kamlatho ka matabwa kolowa m'nyanja. Matabwawo akuzuka n'kumakokedwa kupita pakuya, kenaka akutembenuka n'kumalondola munthu amene wagwera m'madzi. Chimene tikuona ndi matabwa okha, koma mtima uli m'mwamba. Pena Quint akubaya shakiyo ndi mkondo womangirira ku migolo yachikasu, ndipo kuyambira pamenepo mgolo ukangotumphuka timadziwa kuti yabwera. Nsomba yeniyeniyo sitiiona bwinobwino mpaka filimu itadutsa ola lathunthu.

N'chifukwa chiyani njira imeneyi imaopsa? Maganizo a munthu sakonda mpata wopanda kanthu. Ukamubisira chinthu, amadzijambulira yekha, ndipo chimene wajambulacho chimakhala chofanana ndi mantha ake enieni. Agogo athu ankadziwa zimenezi. Pokamba nthano pamoto sankafotokoza kuti chilombo chinali ndi mano angati. Ankangoti kunja kunamveka mgugu, basi ana tonse n'kusendera pafupi. Amalume anazinena m'njira yawo: usiku panyanja ukaona mvuu umadziwa kolowera, koma kanthu kakagunda bwato kunsi n'kukhala chete, nkhafi imakulemera m'manja.

Szwarc anaganiza kuti poti anthu anaiona kale shakiyo kumapeto kwa filimu yoyamba, kuibisanso sikungathandize. Choncho mu Jaws 2 imaonekera msanga ndiponso kawirikawiri. Anaiika chipsera cha moto kumaso kuti ioneke yankhanza. Imathamangitsa mtsikana wokokedwa ndi boti pa timatabwa, imagubuduza maboti, imamiza helikopita. Maganizo akewo sanali opusa, koma ali ndi mtengo wake. Diso likayang'anitsitsa chinthu limayamba kuona zolakwika zake, ndipo posachedwa umazindikira kuti ukuonera chidole cha labala. Ukhoza kudzidzimuka, koma ukadzuka pampando mantha amatsalira pompo.

Manoti awiri ndi agalu a Pavlov

Anzanga a m'kwaya amvetsa msanga mfundo iyi. Nyimbo yotchuka ya Jaws, imene anapeka John Williams, yagona pa manoti awiri oyandikana, ngati mi ndi fa, oimbidwa pansi ndi zida za besi, kuyamba pang'onopang'ono kenaka n'kumafulumira. Williams ataiimba koyamba pa piyano, Spielberg anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Koma nyimboyo inapata mphotho ya Oscar, imodzi mwa zitatu zimene filimuyi inalandira. Zinazo zinali za kamvekedwe ka mawu ndi za kalumikizidwe ka zithunzi, ntchito ya mayi Verna Fields.

Ife ophunzira za uphunzitsi timawerenga za Ivan Pavlov wa ku Russia, amene anaonetsa kuti galu akazolowera kumva phokoso linalake chakudya chisanabwere, amayamba kuchucha dovu akangomva phokosolo. Ndi zomwe zimachitika pasukulu ya pulayimale chitsulo cha nthawi ya phala chikalira. Jaws imaphunzitsa woonera m'njira yomweyo. Koyambirira, shaki ikamabwera manoti aja amalira. Pa tsiku la 4 July chipsepse chikuoneka pakati pa osambira, anthu akuthawa mopondana, koma nyimbo ija kulibe, ndipo zikupezeka kuti anali anyamata awiri ochita zachibwana ndi chipsepse chopanga. Filimu sinatinamize. Tikafika pokhulupirira kuti popanda nyimbo palibe ngozi, shaki ikutumphuka kumbuyo kwa Brody kuli zii, iye akuponya nyambo m'madzi. Phunziro limene tinaliloweza ndi lomwe likutigwetsa.

Williams anapekanso nyimbo za Jaws 2, ndipo n'zokoma, makamaka pamene achinyamata akuyendetsa maboti awo. Koma msampha sugwira kawiri mbewa imodzi. Aliyense anali atawadziwa kale manoti aja.

Apa ndi pamene ndinamvetsa asuweni anga. Ku vidiyo shoo womasulira salola filimu kukhala chete. Amadzaza mpata uliwonse ndi nthabwala ndi ndemanga, ndipo nthawi zambiri amaneneratu chimene chikubwera. Luso limenelo lili ndi kukoma kwake, ndipo lathandiza anthu ambiri osamva Chingerezi kutsatira nkhani. Koma munthu wozolowera zimenezo akakumana ndi filimu imene mphamvu yake ili m'kudikira, amaona ngati palibe chikuchitika.

Anthu amene timawadera nkhawa

Kusiyana kwachitatu kuli pa anthu. Mantha a m'filimu amakula malinga ndi mmene timawakondera amene ali pangozi. Mu Jaws, Brody ndi wapolisi wochokera ku New York amene amaopa madzi koma amakhala pachilumba. Hooper ndi mwana wa anthu olemera wodalira zipangizo ndi maphunziro. Quint ndi msodzi wodalira manja ake amene amanyoza anthu a sukulu. Aliyense wa ku Kande amene anamvapo msodzi wachikulire akutsutsana ndi mlangizi wa za usodzi wochokera ku boma awazindikira anthu awiriwa.

Malo awiri amphamvu kwambiri m'filimuyi alibe shaki n'komwe. Oyamba ndi pamene mayi wa kamnyamata kophedwa kaja, atavala zakuda, akumenya Brody mbama pamaso pa anthu chifukwa wamva kuti iye ankadziwa za imfa ya mtsikana uja koma anasiya gombe lotsegula. Achiwiri ndi usiku m'boti, pamene Quint akusimba mmene anapulumukira pa sitima yankhondo ya USS Indianapolis. Quint ndi wopeka, koma sitimayo inalikodi. Inamizidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Japan pa 30 July 1945, ili ndi anthu pafupifupi 1,200. Mazana ambiri anayandama panyanja kwa masiku anayi, akufa ndi ludzu, mabala ndi shaki, ndipo opulumuka anali 316 okha. Robert Shaw akusimba zimenezi atakhala pansi, ndi mawu otsika. Akamaliza timamvetsa chifukwa chake munthuyu amadana ndi shaki mpaka kuphwanya wailesi ya m'boti kuti anzake asaitane thandizo.

Mu Jaws 2 achinyamata ndi ambiri, oposa khumi, ndipo filimu ikatha ndi ochepa amene ungawakumbukire mayina. Timawadziwa mongodutsa: uyu ndi wanthabwala, uyu ndi wokongola, uyu ndi wamanyazi. Mmodzi yekha amakhudza mtima, mtsikana Marge, amene akudumphira m'madzi kukankhira Sean, mwana wamng'ono wa Brody, pamwamba pa boti logubuduzika, iye n'kugwidwa. Kupatula pamenepo, woonera amangowerenga kuti atsala angati. Ngakhale mathero akusonyeza kusiyanaku. M'yoyamba Brody, munthu woopa madzi uja, ali yekha pa mlongoti wa boti limene likumira, n'kuwombera thanki ya mpweya imene ili m'kamwa mwa shaki. M'yachiwiri akumenya nkhafi pa chingwe cha magetsi cha pansi pa nyanja kuti shaki ichilume. Ndi nzeru ndithu, koma Brody wa pamenepa sakugonjetsa chilichonse mwa iye mwini.

Chimene yachiwiri inachita bwino

Pali gawo limodzi limene Jaws 2 inafika patali kuposa yoyamba, ndipo asuweni anga sanalitchule n'komwe. Ndi nkhani ya tauni yoiwala. Akuluakulu amati mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri, koma a ku Amity akupitamo. Anthu awiri osambira pansi pa madzi asowa, boti laphulika, chinsomba chachikulu chapezeka pagombe chili ndi mabala olumidwa. Brody akubweretsa ku khonsolo chithunzi chochokera m'kamera ya osowa aja, koma makhansala akuti sakuonapo kanthu. Tauniyo yangotsegula hotela yatsopano ndipo ikukopa anthu odzagula malo. Mapeto ake akumuchotsa ntchito munthu yemwe anawapulumutsa zaka zingapo zapitazo.

Filimuyi sikumuyeretsa Brody. Asanachotsedwe, ali pa nsanja yolondera gombe, akuona mthunzi m'madzi, akukuwa, akuthamanga ndi mfuti n'kuwombera m'nyanja pamaso pa ana ndi alendo. Mthunziwo unali gulu la nsomba wamba. Mantha a zimene anaona kale amusokoneza, ndipo kulakwa kwa tsiku limodzi kukupatsa adani ake chifukwa chokanira zoona zimene akunena.

Wowerenga Baibulo akumbukira Ezekieli 33, pamene mlonda woona lupanga likubwera koma osaliza lipenga amafunsidwa magazi a anthu, pomwe womva lipenga n'kulinyozera amasenza yekha mlandu wake. Mafilimu awiriwa agawana mutu umenewu. M'yoyamba mlonda anakhala chete chifukwa chomvera meya, ndipo mbama ya mayi uja inali yomuyenera. M'yachiwiri mlonda analiza lipenga, anthu n'kutseka makutu. Yachiwiriyo ikuwonjezerapo chenjezo kwa alonda eni ake: ukaliza lipenga pa mthunzi uliwonse, tsiku la lupanga lenileni sadzakumvera. Chomvetsa chisoni n'chakuti filimuyi ikuisiya nkhani imeneyi pakati n'kuthamangira kwa achinyamata ndi helikopita.

Bodza la mafilimu onse awiri

Tisanapitirire, tiyankhe funso la mphwanga. M'nyanja ya Malawi mulibe shaki. Ngakhale dzinalo tinachita kubwereka ku Chingerezi. Shaki yoyera ya m'mafilimuwa imakhala m'nyanja zamchere zokha. Ulipo mtundu wina umene umatha kulowa m'madzi opanda mchere, ndipo kum'mwera kwa Africa amautcha shaki ya Zambezi chifukwa umakwera mtsinje umenewo kuchokera ku Indian Ocean. N'zoona kuti Shire amalumikiza nyanja yathu ndi Zambezi, koma nyanjayi ili pamtunda wa mamita oposa 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pakati pa Shire pali mathithi monga Kapichira, Tedzani ndi Nkula amene nsomba yotere singakwere.

Ngakhale kumene shaki zili, mafilimuwa anakokomeza. Amaonetsa nsomba yosunga chakukhosi, yosankha anthu ndi kulondola boti limodzi. Jaws 2 inayamba kale kunong'oneza kuti mwina shaki yachiwiriyi yabwera kudzalipsira, ndipo filimu yachinayi, Jaws: The Revenge ya mu 1987, inafika poonetsa shaki yotsatira banja la Brody mpaka ku Bahamas. Zoona zake n'zakuti, malinga ndi kaundula wa International Shark Attack File wa ku Florida, anthu ophedwa ndi shaki popanda kuiputa nthawi zambiri sapitirira 10 pachaka padziko lonse. Koma kafukufuku wina wa mu 2013 anayerekeza kuti anthu amapha shaki pafupifupi 100 miliyoni chaka chilichonse. Zambiri zimafera m'maukonde a makampani a usodzi ndi pa malonda a zipsepse, choncho mlandu wonse sungagwere filimu. Komabe mantha amene inafesa anachititsa kuti anthu asazimvere chisoni. Benchley anathera zaka zomaliza za moyo wake, mpaka imfa yake mu 2006, akulimbikitsa kuteteza shaki, ndipo mu 2022 Spielberg anauza wailesi ya BBC kuti amanong'oneza bondo ndi mmene shaki zinaphedwera pambuyo pa buku ndi filimuyo.

Zimene zimapha kwathu kuno

Nditamuuza mphwanga kuti shaki kulibe, amalume anandidzudzula kuti ndisamusiye akuganiza kuti nyanja ilibe choopsa. Ananena zoona. Ng'ona zilipo, makamaka m'mabango ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja. Mvuu imagubuduza bwato. Mwera wa miyezi yozizira umadzutsa mafunde oti bwato la mtengo umodzi silingalimbe. Pa 30 July 1946, patangotha chaka chimodzi chenicheni chimirire Indianapolis, sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo pafupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse chifukwa chomira. Muyerekeze nambala imeneyi ndi 10 ija.

Palinso zoopsa zimene, monga shaki ya Spielberg, sizioneka. Likodzo limalowa pakhungu m'madzi odekha mmene muli nkhono. Kolera amene anabuka m'dziko muno mu March 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo boma la Nkhata Bay linakhudzidwa kwambiri, kuphatikizapo dera la Tukombo, kum'mwera kwa Kande. Mu January 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mliriwo.

Apa ndi pamene Amity imafanana ndi kwathu. Ku Kande mabanja ambiri amadya chifukwa cha nyanja: asodzi, amayi ogulitsa usipa, osema ziboliboli, ogwira ntchito m'malo ogona alendo, anyamata operekeza alendo ku kachilumba ka Kande. Uthenga woti m'madzi muli vuto umakhudza mphika wa aliyense. Meya Vaughn si mfiti ayi. Ndi munthu amene akuwerengera mabanja amene agone ndi njala gombe likatsekedwa, ndipo kuwerengerako kukumutseka maso. Chiyeso chomwecho chimamupeza mwini boti amene akufuna kukwezanso anthu awiri madzi atafika kale m'milomo mwa botilo, msodzi amene waona mitambo ya mwera koma ali ndi ngongole ya mafuta, ndi mphunzitsi wamkulu amene akuopa kuti akanena za ana otsegula m'mimba sukulu itsekedwa mayeso ali pafupi. Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzakhala aphunzitsi, anamwino ndi akulu a mpingo m'madera ngati amenewa. Tsiku lina tidzaona chinthu chimene ena sakufuna kuchimva. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma pa nthawi imene akukutsinayo saoneka ngati mnansi.

Nanga Mkhristu aonere?

Ndikudziwa kuti ena mwa owerenga, makamaka makolo athu mumpingo, afunsa chifukwa chimene magazini ya ophunzira a Seventh-day Adventist ikukambira mafilimu otere. Funsolo n'loyenera. Mpingo wathu wakhala ukuchenjeza za zisudzo ndi makanema kuyambira kale, ndipo chikhulupiriro chathu cha nambala 22, chokhudza khalidwe la Mkhristu, chimatikumbutsa kuti ngakhale zosangalatsa zathu zizigwirizana ndi muyezo wa Khristu. Afilipi 4:8 amatipatsa sefa yoyezera zimene timalowetsa m'maganizo.

Ndikayeza ndi sefa imeneyo, sindinganene kuti mafilimuwa ndi oyera. Muli magazi, muli kumwa mowa, muli mawu otukwana, ndipo yoyamba ikuyamba ndi mtsikana akuvula kuti akasambire usiku. Sindikulimbikitsa aliyense kuti akawafunefune, ndipo amene wasankha kusaonera mafilimu otere sanataye kanthu kofunika pa chipulumutso chake. Koma tisadzinamize. Masiku ano filimu sidikira kuti munthu apite ku holo. Ili m'foni, pa memore khadi yobenetsa pamsika, m'chipinda chogona cha kukoleji. Ana amene tidzawaphunzitse adzakhala ataonera zoopsa kuposa izi. Mphunzitsi amene angathe kuwafotokozera kuti mantha awo anachita kupangidwa ndi kamera, manoti awiri ndi migolo yachikasu, adzawapatsa chida chodzitetezera. Mwana wodziwa mmene msampha anautchera savuta kuuzemba, kaya msamphawo uli m'filimu, m'malonda kapena m'mauthenga oopseza a pa WhatsApp.

Kulakwa kwanga kunali kwakuti ndinaika mwana wa zaka 9 patsogolo pa zinthu zoposa msinkhu wake, usiku, popanda kumukonzekeretsa ngakhale kukambirana naye pambuyo pake. Ndaphunzira m'kalasi kuti mwana wa msinkhu umenewo amavutika kulekanitsa zimene waona pa kanema ndi zimene zingamuchitikire, koma ndinaiwala pa tsiku limene zinafunika. Amayi sanandikalipire. Anangondiuza kuti poti ndine ndinamulowetsa shakiyo m'mutu, ndine ndiitulutse.

Ndinatenga mapu a m'buku lake la sukulu n'kumuonetsa Zambezi, Shire ndi malo a mathithi. Ndinamuonetsa chithunzi cha Bruce ali pamtunda, anthu akumukonza ndi masipanala. Anaseka, koma kunyanja sanapite. Amene anamaliza ntchitoyo ndi amalume. Lachisanu masana anamutenga pa bwato, n'kumuonetsa mabango amene sayenera kuyandikira, mtundu wa madzi pamene pakuya payambira, ndi mbali imene mitambo ya mwera imatulukira. Pobwera anadumphira m'madzi yekha bwato lisanafike pamchenga.

Tsono kwa asuweni anga yankho langa ndi ili. Jaws 2 ili ndi shaki yambiri, ndipo ngati chimene mukufuna ndi kudzidzimuka, ikupatsani. Jaws ili ndi shaki yochepa koma anthu ake ndi enieni, ndipo funso limene imafunsa, loti udzatani ukadziwa zoona zimene zidyetse anzako njala, lidzakupezani ngakhale kuno kumene shaki sinafikeko.